Madandaulo a Che Amidu pa Masewera Anga

Chaka choyamba ku Makanjira

Ana anga, mwakhala mukundiseka kuti ndinalowa ntchito ya boma ndili wothandiza zachitukuko, ndipo ndinapuma ndili wothandiza zachitukuko yemweyo, pamene anzanga amene tinayambira limodzi anafika pokhala ndi galimoto ndi dalaivala. Sekani, palibe mlandu. Koma musanamalize kuseka, mverani za thabwa lija lili kuseri kwa kabati, limene amayi anu amakana kuti lisonkhezedwe pamoto ngakhale chiswe chinalidya ngodya.

Malo anga oyamba anali ku Makanjira, m'zaka zija nkhondo ya ku Mozambiki itafika pachimake. Ndinachoka kwathu ku Nkope ndi sutikesi ya malata, ndinatsikira ku boma, kenako ndinakwera lole ya chimanga imene inatitimira m'matope titangopitirira Malindi, mpaka tonse tinatsika n'kumakankha. Nditafika ndinapeza kuti ambiri mwa othawa nkhondo sanali mumsasa ngati mmene ndinkaganizira. Anali atamanga tinyumba kuseri kwa nyumba za abale awo, chifukwa mbali zonse za malire anthu ndi amodzi, Chiyao chimodzi, mapemphero amodzi. Ntchito yanga inali sukulu ya kwacha, magulu a amayi, ndi kukalipira anthu za zimbudzi. Choko chinkatha, mapepala ankatha, ndipo njinga ya ofesi inalibe chubu, moti ndinkapakira udzu m'tayala n'kumayenda mano akugundana. Bwana wanga, a Kamwendo, ankakhala ku boma. Anali munthu wamtima wabwino koma wopupuluma, ndipo akabwera ankafuna apeze kuti zimene akulamula lero zinachitika kale dzulo.

M'sukulu ya kwacha ndi mmene ndinadziwira amayi anu. Mundikhululukire pomutchula ngati mtsikana, pakuti nthawi imeneyo anali Asiyatu chabe, wothawa nkhondo amene ankakhala kutsogolo n'kumatsutsa chilichonse. Ndikalemba pa bolodi mawu akuti mudzi, ankafunsa kuti bwanji chilembo choyamba chili ndi miyendo itatu pamene choyamba cha nyumba chili ndi iwiri, ndani anagawa miyendoyo? Ine ndinkapita kunyumba ndikuganizira funsolo. Amayi ake anali atamwalira kwawo nkhondo isanawathamangitse, ndiye womuyang'anira anali amjomba ake, Che Amidu, mlongo wa malemuwo, bambo wamtali wa kofiya woyera amene ankalamulira bawo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mzikiti. Kwa anthu amenewa, monganso kwathu, munda ndi mudzi zimayenda ndi ana aakazi. Mwamuna amasunga mbumba yake, ndiye kuti alongo ake ndi ana awo, ndipo wokwatira amakamanga kwa mkazi n'kukhala mkamwini. Mbumba ya Che Amidu nkhondo inali itaimwaza, wotsala m'manja mwawo anali Asiyatu yekha. Ndinatuma akuluakulu kukanena mawu anga ofunsira Asiyatu ukwati. Che Amidu anawalandira bwino, anawaphikitsira tiyi, ndipo sananene kuti inde kapena ayi. Miyezi inangopita chomwecho.

Mtendere utamveka

Chaka cha chilala chija wailesi inalengeza kuti nkhondo yatha. Anthu anayamba kukamba zobwerera, koma njira za kwawo zinali zodzala mabomba okwirira pansi. A Kamwendo anatulukira fumbi lili m'tsitsi nati, "Jafali, anthu akowa ukawaitanira msonkhano amasinza, koma pa bawo amaiwala ndi njala yomwe. Upange masewera owaphunzitsa kayendedwe kabwino pobwerera. Ukachita bwino, anthuwa akangopita ndikutengera ku boma, ukakhale pa desiki." Ndinadziona ndili m'nyumba ya malata ku boma, Asiyatu akutunga madzi pampopi wa pakhomo. Maganizo amenewa ndinawasunga mumtima.

Ndinapempha thabwa kwa mmisiri wokhoma mabwato, n'kusemapo maenje ngati a bawo. Mzere wa kumunsi unali kuno, mzere wa kumtunda unali kwawo. Pakati ndinaikapo njira zitatu. Panali msewu, wautali koma wopondedwa. Panali kanjira ka m'tchire, kachidule koma kokhala ndi maenje amene ndinawapaka utoto wofiira kuti ndi mabomba. Panalinso njira ya panyanja. Aliyense mwa osewera awiri ankatenga nkhomo zisanu, timbewu tija tosewerera bawo, n'kumaponya kadayisi. Woyamba kuolotsa nkhomo zinayi ndiye wapambana. Ndinati zinayi osati zisanu poganiza kuti imodzi ikhoza kuponda bomba, masewera asathere pomwepo. Ndinawatcha dzina loti Ulendo, ndipo ndinasenza thabwalo kupita pansi pa mango ndikuyenda ngati munthu amene watulukira ndege.

Che Amidu anatola kadayisiko ndi zala ziwiri ngati kachilombo. "Bwana wachitukuko, ichi n'chiyani? Mwatibweretsera juga pakhomo pa mzikiti? Ngwamba, ayi ndithu, ife zoponyaponya sitisewera. Ndiponso munthu wobwerera kwawo amasankha yekha poponda, sachita kuponyera mwayi." Ndinachotsa kadayisi, n'kuika lamulo loti aliyense pa nthawi yake asunthe nkhomo imodzi maenje osapitirira atatu, kunjira imene wafuna. Mawa lake wodandaula anali Che Lajabu, msodzi, mbadwa ya pomwepo, amene ankasewera bawo ndi Che Amidu tsiku ndi tsiku, n'kukangana nawonso tsiku ndi tsiku. "Nyanja yanuyi ndi ya m'beseni?" anandifunsa. "Aliyense akungodzera panyanja chifukwa palibe choopsa. Mphepo ya mwera ili kuti? Bwato lonyamula anthu, mbuzi ndi malata limangonyamuka tsiku lililonse? Inu a ku Nkope, nyanja munaiiwalira kusukulu." Tinagwirizana kuti wopikisana nawe akhoza kufuula kuti "Mwera!" kamodzi pa masewera, ndipo nkhomo zako zonse za panyanja zibwerere padoko. Sipanapite nthawi, Che Amidu anaikanso chala pa thabwa. "Bomba lopakidwa utoto wofiira munaliona kuti? Likanakhala looneka chonchi, mlamu wanga bwenzi ali ndi miyendo yonse." Apa palibe anaseka. Tinakanda utoto uja, n'kuvundikira maenje onse a m'tchire ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo wopikisana nawe ankabisa timiyala pansi pa zina mwa izo iwe utayang'ana kumbali.

Ndinene zoona, poyamba madandaulo ankandipweteka, chifukwa thabwalo ndinali nditalisema mpaka manja kutuluka matuza. Koma pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kuwadikira ngati mmene munthu amadikirira lole ya makalata. Ndinkakhala pambali n'kumachita chidwi ndi kaseweredwe ka aliyense. Panali bambo wina amene sankapondamo mumsewu ngakhale atamuuza kuti mulibe kamwala. Nditamufunsa anati pothawa, amene anadzera mumsewu ndi amene anakumana ndi amfuti. Ena ankafika pakati pa tchire n'kuima, dzanja lili m'mwamba, thukuta likutsika, pamene pansi pa chitsekerero panali kamwala chabe. Amayi, amene pa bawo sankayandikira, anayamba kuima chapatali ndi ndowa pamutu n'kumakuwa kuti, "Osadzera pamenepo, mufa!" Ine ndinkaganiza kuti ndapanga chophunzitsira, koma tsiku lililonse ndinkabwerera kunyumba ndi mafunso ambiri kuposa amene ndinapita nawo.

Nyengo ya mwera

Amene anatulukira chinyengo chachikulu anali Che Lajabu. Anaona kuti poti zofunika ndi nkhomo zinayi, yachisanu n'kungotaya nayo nthawi. Ankaisiya pamzere wa kuno osaikhudza, n'kuthamangitsa zinayi zokha. Anagonjetsa aliyense, ndipo posakhalitsa aliyense anayamba kuchita chimodzimodzi. Masewera akatha, pamzere wa kumunsi pankatsala nkhomo ziwiri, ya uyu ndi ya uyo, zitangokhala phee. Ine ndinaona kuti ndi chilema, koma ndinkaganiza kuti ndi chaching'ono.

Lachisanu lina anthu atatuluka mumzikiti, Che Lajabu anagonjetsa Che Amidu mwa njira yomweyi pamaso pa khamu. Mphepo inkaomba mpaka masamba a mango kugwera pa thabwa. Amayi anali ataima chakumbuyo, Asiyatu ali pakati pawo. Che Amidu sanachotse dzanja pa thabwa. Analoza nkhomo yotsala ija.

"Che Lajabu, mwapambana, chambone, zili bwino. Koma iyi mwaisiyayi ndi ndani?"

"Ndi nkhomo," anatero Che Lajabu.

"Ndikufunsa kuti ndi mwamuna kapena ndi mkazi?"

Kenako anatembenukira kwa ine. "Bwana wachitukuko, masewera anuwa ali ndi chilema chachikulu kuposa zonse zija. Nkhomo zanu n'zofanana ngati nyemba. Amuna anayi akafika kwawo popanda mwana wamkazi, amenewo sanafike pamudzi. Chimenecho ndi chigono cha asodzi. Adzalima, adzakalamba, adzafa, tchire lidzabwerera pamalo pake." Anapisa m'thumba la mkanjo n'kutulutsa mkanda wofiira, nauika pamzere wa kuno m'malo mwa nkhomo imodzi. "Uwu ukhale mbumba. Woolotsa zinayi popanda uwu, waluza."

Panalibe munthu pansi pa mtengo uja amene sanamve. Mudzi wonse unkadziwa za akuluakulu anga ndi tiyi uja. Maso onse anagwera pa ine. Yankho limene ndinalidikira miyezi yonse ija linali litabwera, pagulu, pa thabwa langa lomwe. Asiyatu adzapita kwawo, ine ndidzatsala.

Koma Che Lajabu ankakonda mkangano kuposa nsomba. Anakweza dzanja. "Dikirani kaye, Che Amidu. Mukuti popanda mbumba palibe mudzi?"

"Elo, ndatero."

"Ndiye kuti pamene pali mbumba, mudzi uli pomwepo?"

"Mwamva bwino."

"Basitu. Ine mkanda wanga sindiusuntha. Uli kuno, mudzi uli kuno, ndafika kale. Ndapambana ndisanayambe!"

Khamu linaphulika. Eni dera anaomba m'manja, akuti alendo athuwa tazolowerana nawo, akupitiranji? Othawa nkhondo anakuwa kuti kuno si mudzi chifukwa manda a makolo kulibe. Mayi wina anayankha ali kumbuyo kuti nanga michombo ya ana obadwira kuno inakwiriridwa kuti? Wina anati mkanda uziyenda pomaliza njira itayesedwa, wina anati ayi, uziyenda pakati, winanso anafunsa kuti ukaponda bomba zitha bwanji, ndipo anamukalipira kuti asalodze. Che Amidu nkhope inauma, chifukwa lamulo lawo lomwe linali litawatembenukira. Mapeto ake onse anatembenukira kwa ine nati mwini masewera agamule. Ndinati ndikaganize kaye. Ndinasenza thabwa kubwerera kunyumba, ndipo ulendo umenewo sindinayende ngati wotulukira ndege.

Ndinali ndi mantha, komanso, musandiseke, funsolo linkandikoma. Ndinayala thabwa pakhonde n'kumasewera ndekha mbali zonse ziwiri. Ndikanati mkanda uyenera kuoloka, masewera ankayenda bwino ndipo ine ndinkataya Asiyatu ndi pakamwa panga pomwe. Ndikanati kukhala kuno n'kupambananso, masewera ankafa, palibe akanasunthanso nkhomo, ndipo aliyense akanadziwa kuti woweruza wadziweruzira mlandu wake. Ndinayesa kuti mkanda uoloke kenako ubwerere, ndinayesa mikanda iwiri, ndinayesa kuchotsa mzere wa malire. Chilichonse chinkatseka dzenje limodzi n'kutsegula lina.

Mawa lake sukulu ya kwacha itaweruka, Asiyatu anatsalira ngati akufufuta bolodi. "Aphunzitsi, mwagamula bwanji za mkanda uja?" Ndinati ndikuganizabe, ndipo ndinamufunsa kuti iyeyo akufuna ndigamule bwanji. Anapitiriza kufufuta osandiyang'ana. "Gamulani mmene mungafunire, thabwa ndi lanu. Ine si mkanda ayi. Amjomba asananene, ine ndinali nditanena kale mumtima kuti ndikupita. Munda wa amayi uli kumeneko, ndi mango amene anabzala agogo. Ndikapanda kupita ine, aulime ndani?" Ndinafunsa kuti nanga ine. Apa ndiye anatembenuka, nsanza ili m'manja, n'kundiyang'ana ngati mmene ankayang'anira chilembo cha miyendo itatu chija. "Inu mwasema njira zitatu zopita kwathu. Pa zitatuzo palibe imodzi yokukwanani?" Anaika nsanza pa tebulo n'kutuluka.

Ndinabwerera pa thabwa ndi maso ena. Chilema chimene onse odandaula aja sanachitchule, ndipo ine sindinachione, chinali chakuti nkhomo zonse zooloka zinali za othawa nkhondo. Iwo anabwera kwathu tinawalandira, koma m'masewera anga munalibe munthu wa kuno ndi mmodzi yemwe wopita uko. Mudzi wa Asiyatu unali tsidya la malire pomwepo, woti munthu wa njinga akhoza kunyamuka m'mawa n'kufika pantchito dzuwa lisanatenthe. Chimene sichikanatheka chinali desiki ya ku boma.

A Kamwendo anabwera sabata yomweyo kudzaona mmene Ulendo ukuyendera. Ndinawauza kuti ndikupempha kutsala ku Makanjira, ndipo ndinawauzanso chifukwa chake. Anavula magalasi. "Jafali, wapenga? Anzako akuthawa fumbi lino, iwe ukufuna kukakhala mkamwini kudziko la mabomba? Ukakana lero sindidzakufunsanso, ndipo wobwera pambuyo panga sadzadziwa kuti kuno kuli munthu." Ndinati ndamva, bwana. Kenako anati, "Chabwino. Chubu cha njinga chokha ndikutumizira." Mawu awo onse anakwaniritsidwa, a chubu ndi ena aja, ndipo sindiwasungira chakukhosi.

Lachisanu lotsatira ndinayala thabwa pansi pa mango. Ndinati ndagamula. Mkanda uyenera kuoloka, ndipo woolotsa zinayi popanda mkanda waluza. Che Lajabu anapukusa mutu nati ndagulitsa masewera. Ndinati sindinamalize. Ndinatulutsa m'thumba kachidutswa ka choko, poti china chilichonse ndinalibe, n'kukaika pamzere wa kuno pambali pa mkanda. "Pali nkhomo yachisanu ndi chimodzi," ndinatero. "Iyi si yothawa nkhondo, ndi ya konkuno. Dzina lake ndi mkamwini. Masewera satha iyi isanaoloke." Kumbuyo kwa khamu mayi wina analulutira, ena namuletsa. Che Amidu anatola kachokoko, anakatembenuza, anakabwezera pamalo pake.

"Lamuloli lili ndi chilema," anatero.

Ndinawafunsa kuti chilema chanji.

"Simunanene kayendedwe kake. Ameneyu njira saidziwa, akatsogola atiphulitsira tonse. Aziyenda pambuyo, aziponda pamene waponda mkanda."

Mvula yoyamba isanagwe

Ukwati, umene kumeneko amati ndowa, unachitikira mumzikiti womwewo. Che Lajabu anabweretsa chambo n'kumauza aliyense kuti akanapanda kutulukira chinyengo chija bwenzi ndikadali mbeta. Thabwa linayenda m'midzi ingapo anthu asananyamuke, ndipo kulikonse linkapezako wodandaula watsopano. Ngati linapulumutsa mwendo wa munthu, ine sindidziwa, ndipo sindikufuna kukunamizani.

Tsiku lonyamuka tinadzera pamtunda, m'kanjira kamene amene anatsogola anali atakayenda kale. Che Amidu anali patsogolo, Asiyatu pambuyo pawo ndi mtolo pamutu, ine kumapeto nditasenza thabwa. Ine amene ndinaphunzitsa anthu za mabomba kwa miyezi, ndinagwidwa ndi mantha. Tsamba lililonse louma linkaoneka ngati chitsekerero cha botolo. Ndinatsatira lamulo la Che Amidu ndendende, kuponda pamene waponda Asiyatu. Koma mukudziwa kuti mapazi a amayi anu ndi aang'ono, ndiye njira yonseyo ndinayenda chonyang'ama, ndi zala zokha, akatumba akuwawa, ndipo iwo sanacheuke ndi kamodzi komwe.

Tinafika pamalo pamene panali mudzi. Nyumba kunalibe, udzu unali wofika m'khosi, koma mango a agogo anu aakulu anali chiimire. Asiyatu anatula mtolo, n'kukumbatira mtengo umodzi, akulira mokweza. Che Amidu anadikira mpaka Asiyatu atatonthola. Kenako anatembenukira kwa ine, ndipo kwa nthawi yoyamba sananditche bwana wachitukuko.

"Akamwini, tulani thabwalo. Masewera anu akadali ndi chilema chimodzi. Sanena kuti munthu akafika ayambe chiyani."

Anamasula mtolo wawo n'kundipatsa khasu.